Mkaka Wanga M'chitsime cha Mudzi

Lolemba

Masiku makumi asanu ndi limodzi a uchembere atha. Boma lawerenga, lapeza kuti khanda langa Nelita wakula. Miyezi iwiri, khosi likadali lendelende, koma boma lawerenga.

Shikola imene ndimaphunzitsa ili ku vila, katauni kathu, ola ndi theka wapansi, kudutsa dambo lija ng'ombe ya a Lipenga inaponda bomba lokwirira mwezi watha. Chiyambire tsiku limenelo timayenda mondondozana, phazi lako m'phazi la mnzako. Mwana wanga sadutsa pamenepo. Pa ichi chokha ine ndi amayi tikugwirizana, koyamba chibadwire changa.

Ndondomeko, ndailemba pachikuto cha buku langa:

1. Mabotolo awiri agalasi, zitsekero zake zagalasi. Ndinawatenga ku laboratoriyo tsiku lomwe anatiuza kuti dziko likusowa aphunzitsi, univeresidade idikire. Zaka zisanu ndi zinayi ikudikirabe. Anzanga ena anabwerera, ali ndi madipuloma. Ine ndili ndi mabotolo.
2. Kuwawiritsa.
3. Kufinya m'mamawa: botolo la lero.
4. Kufinya ku shikola: botolo la mawa. Ligone mumtsuko, pozizira.
5. Amayi ammwetse ndi kakopo, kachikho kakang'ono, pang'onopang'ono. Phala AYI. Madzi osawiritsa AYI. Khanda la a Esinati linapita ndi m'mimba nthawi yokolola, ndinaliona ndi maso angawa.

Amayi: "Adotolo, ndalera ana asanu ndi awiri, sindinaonepo munthu akudzikama ngati mbuzi." Adotolo ndine. Amanditchula choncho akafuna kundikumbutsa kuti sindine.

Dezi ora, teni koloko pa nthawi yopuma, mawere ngati miyala. Phunziro la sabata ino m'buku la boma: nyama zoyamwitsa. Ndangomaliza kulemba mutu ndi choko pakwadulo, bata yanga yoyera, chovala cha uphunzitsi, yanyowa mawanga awiri, akulu ngati mbale. Ana makumi asanu, maso onse pachifuwa panga. Ndafufuta. Sabata ino tiphunzira nsomba.

Pofinyira palibe. Chipinda cha aphunzitsi chinapsa denga chaka chatha, chimbudzi chilibe chitseko. Chatsala chipinda chosungira makasu, chokhomedwa. A diretori, akulu a shikola yathu: "Kamarada pulofesora, lembani pempho. Makope awiri." Ndalemba. Pofunsa cholinga ndayankha kuti ntchito ya sayansi. Anditsegulira mongoyembekezera.

Pakati pa makasu, madontho okha. Kunyumba Nelita akangoti ng'aa umatuluka wokha, kuno ukundikaniza ngati wa mwini. Ndatseka maso, ndakumbukira fungo la paliwombo pake. Wabwera, mpaka ndanyowetsa mpini wa khasu la boma.

Madzulo: botolo la m'mawa lilibe kanthu! Mwana wakhuta, wagona kukamwa yasa. Sayansi yapambana. Mwamuna wanga Zakariya akanaona akanaseka, kenako akanauza mudzi wonse. Anamtenga usilikali ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Kalata yake yomaliza ikufunsa ngati "mnyamata wathu" akumenya m'mimba. Mpaka lero sakudziwa kuti ndi mtsikana.

Lachiwiri

Botolo la dzulo mumtsuko mulibe. Ndalipeza pansanja, pamwamba pa moto, pakati pa ngala za mbewu. Lagona pamenepo. Mkaka wagawanika, pamwamba mafuta, pansi madzi, fungo la chambiko.

Amayi: "Mumtsuko timamwamo anthu. Ndiponso mkaka wozizira umabweretsa chibayo. Ndati ufundeko."

Ndawafotokozera za tizilombo tosaoneka ndi maso. Amvetsera bwinobwino, kenako afunsa ngati ineyo ndinationapo. Ndinationa! Pagalasi lokuza zinthu, chaka chachiwiri, tikuyenda ngati anthu pamsika. Amayi: "Mukanatenga galasilo, osati mabotolo."

Ndafinya mothamanga, theka lokha. Nelita wandigwira chala pochoka. Sagwira dala, ana onse amatero, ndinalemba zimenezi pa mayeso ndipo ndinakhoza. Ndalirabe mpaka pa dambo. Padambo ndaleka, chifukwa misozi imabisa mapazi a mnzako.

Ndondomeko yachiwiri: jeleira, firiji ya kuchipatala chaching'ono cha ku vila, yosungira katemera. Ndapitako pa nthawi yopuma, botolo m'thumba la bata. A enfermeyiro, anamwino a pamenepo, anditsegulira mwaulemu, ngati akundionetsa manda a mfumu. Mkati muli:

nsapato zawo za Lamulungu,
mapepala a odwala,
theka la buledi.

"Makoswe salowamo, pulofesora. Mafuta ake amabwera ndi koluna." Koluna ndiyo magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Yomaliza inabwera ndisanachire.

Ndaika dzanja mkati. Mofunda ngati m'khwapa. Ya ku laboratoriyo inkalira pansipansi tsiku lonse, ukatsegula kankhungu kankakugwera kumapazi. Sindinaiyamikirepo. Ndinkaimenya ndi bondo potseka.

Pofika kunyumba ndapeza Felista akutsanzika. Mwana wa amayi aang'ono, ndiye kuti mng'ono wanga, ndifune ndisafune. Shikola analekera segunda, kalasi yachiwiri, ati dzanja limatopa. Ali ndi mnyamata wa miyezi isanu ndi iwiri, Zuze, wonenepa ngati thumba la mbatatesi. Amaseka chilichonse. Wandiona ndi botolo, waseka. "Achemwali, ng'ombe yabwera kudambo!" Ndamuyang'ana mmene ndimayang'anira ana a kumbuyo kwa kalasi. Sizimgwira.

Botolo la m'mawa lilibe kanthu. Theka lokha, koma mwana wakhuta. Mkaka wanga ndi wamphamvu basi.

Ndisanamuyamwitse, amayi: "Tayani woyambawo, wasasa ndi dzuwa la m'njira." Ndanena kuti bere si mphika. Ndatayabe. Ndatopa.

Lachitatu

Kwazizira, udzu wachita mbuu. Mwezi wa Junyo ku Tsangano suseka ndi munthu. Posamba m'mamawa madzi andiswa zala, ndipo pomwepo nzeru yabwera.

CHITSIME!

Cha pansi pa thanthwe, chimene mudzi wonse umatunga. Madzi ake amatuluka m'mwala, amaswa mano ngakhale mu Okutubala. Jeleira yosafuna koluna. Anthu akhala nayo zaka mazanamazana osadziwa chimene ali nacho. Panafunika munthu wa zaka ziwiri za biyolojiya.

Tsiku lonse ndaphunzitsa mokondwa. Nsomba zili ndi mamba. Nsomba siziyamwitsa, zimaikira mazira n'kumapita, sizicheuka. Nsomba ndi zanzeru.

Pempho langa a diretori alibweza. Pa kope lachiwiri ndaiwala kulemba mawu a kumapeto aja oti nkhondo ipitirire. Ipitirire! Ndalemba. Andipatsa chipinda cha makasu kwa mphindi khumi ndi zisanu.

Mtsikana wina wa kutsogolo, Rozita, wanditsatira mpaka pakhomo la makasu, wati mayi ake akuti ndizipaka masamba a kabichi. Ndamuuza kuti akauze mayi ake kuti aziwerenga naye za nsomba. Madzulo ndapempha kabichi kwa a Lipenga.

Dzuwa litapendeka, otunga atatha, ndatsika kuchitsime. Chingwe cha khonje pakhosi pa botolo, mfundo zitatu. Ndalitsitsa kumbali, pamthunzi, nsonga ya chingwe ndapanikiza ndi mwala. Likuoneka loyera pansi pa madzi ngati dzira. Ndakhala pathanthwe kanthawi ndikuliyang'ana. Kalekale ndinkaganiza kuti dzina langa lidzalembedwa pachitseko cha chipinda china mumzinda. Lero ndikunyadira chingwe.

Sindinauze amayi. Akanati madzi ali ndi eni ake.

Nelita wayamwa pang'ono n'kugona. Ndamudzutsa, ndamukanda kuphazi. Tsiku lonse ndamusungira, iye akungonyambita ngati mlendo wokhuta kale. Ndamununkhiza kukamwa, phala ayi. Mwina ndi kuzizira.

Lachinayi

Ndalawirira kukatenga botolo. Ena alawirira kuposa ine.

Pachitsime anthu mbwee. Amayi ndi mitsuko yopanda madzi aima patali. Amuna aima patali kuposa amayi. Pakati, chafufumimba pathanthwe, a Jelasi, komandanti wa milisiya ya m'mudzi muno, akuwedza chingwe changa ndi nsungwi yaitali. Nkhondo isanayambe ankamata machubu a njinga. Pano ali ndi mfuti imodzi ndi zipolopolo zitatu za mudzi wonse.

Zimene ndamva nditaima kumbuyo:

ndi chiphe cha a kutchire,
ndi bomba la mtundu watsopano, lophulika ndi madzi,
ndi mankhwala oti amuna a m'mudzi muno afooke, ndipo mayi wina wati amenewo anathiridwa kale chaka chatha.

A Jelasi: "Makamarada, onani mfundozi. Zitatu! Awa ndi anthu ophunzitsidwa kunja."

Pamenepa anena zoona pang'ono.

Ndikanalankhula. Pakamwa ndinatsegula. Koma amuna makumi atatu, ena makolo a ana anga a kushikola, ndiwauze kuti choyera chili kunsonga ya nsungwicho chachokera pati? Ine, amene amandivulira chipewa? Ndatseka. Ndatembenuka, ndapita kukafinya kadontho kamene kanalipo, ndasiyira amayi m'kakopo, ndathamangira mzere wa padambo.

Chitsime achitchinga ndi minga. Mudzi wonse ukatunge kumtsinje, kutali, kumene anthu sakonda kupita masiku ano.

Kushikola ndalakwitsa katatu pakwadulo. Dezi ora ndapita kumakasu ndi botolo lotsalalo. Sunabwere. Ndatseka maso, m'malo mwa liwombo la Nelita ndikuona matako a a Jelasi pathanthwe.

Njira yonse yobwerera ndikumva kulira kwake m'mutu. Kadontho kaja sikangakwane ngakhale mwana wa mphaka. Ndadutsa anthu awiri padambo, ndaponda posapondedwa, ine mwini wake wa malamulo. Ndafika wefuwefu.

Wagona. Wakhuta. Thewera lonyowa bwinobwino.

Ndafunsa amayi kuti wadya chiyani. Amayi: "Zimene munasiya, adotolo." Akusesa pamalo posesa kale.

Nkhani ya madzulo: a Jelasi atsegula botolo ndi nsungwi ziwiri, athirira galu wa a Lipenga theka. Galu wamwa, wanyambita mbale, akuwatsatira paliponse.

Lachisanu

Galu ali moyo. A Jelasi akuti ndiye umboni woti chiphecho ndi chochedwa, choopsa kwambiri.

Ndipo dzulo usiku anagwira munthu. A Sitoni, bambo wothawa nkhondo ku Chidzolomondo, amene amagona m'kachisakasa kuseri kwa igereja, tchalitchi chathu. Anafika yekha mvula yatha, banja lake palibe amene anafunsapo. Milandu yawo: amadzuka m'mamawa, salankhula, amadziwa kumanga mfundo. Awamanga ndi chingwe changa chomwe. Akuti awatengera kwa asilikali ku vila. Opita kumeneko ndi mlandu wotere ena sabwerako.

Ndinali nditavala kale bata. Ndaivula. Shikola ione yokha za nsomba.

Pabwalo mudzi wonse. Botolo langa pampando, lokha, ngati mlendo wolemekezeka. Ndaimirira.

"Ndi mkaka wanga."

A Jelasi: "Kamarada pulofesora, inu ng'ombe mulibe."

"Ndati wanga."

Felista, kumbuyo, waphulika ndi kuseka. Iye yekha, mpaka Zuze wagwedezeka kumsana.

A Jelasi akufuna umboni. Amayi atatu akuluakulu anditengera kuseri kwa nkhokwe. Mmodzi wanunkhiza botolo, wina wandiuza kuti ndimasule. Dzulo kumakasu unandikana. Lero, pamaso pa mboni, wathamanga mpaka wagwera mmodzi pamkono. Abwerera kubwalo: "Ndi womwewo."

Ndinkayesa kuti zatha. Chiphe anthu akanachikhululukira, ndi nkhondo. Koma mkaka wa munthu m'madzi akumwa! Amuna amene anamwa pachitsimepo Lachitatu usiku ayamba kulavula. Mkulu wina wa igereja: "Ndiye kuti tonsefe tayamwa kwa aphunzitsi?" Wina akuti kuyambira lero ndine mayi wake, ndimpatse fodya.

Ndafotokoza kuti botolo linali lotseka, kuti chitsekero chagalasi sichidontha, kuti m'mabotolo otere timasungamo asidi. Nditangotchula asidi a Jelasi agwira mfuti.

Chigamulo:

chitsime ndikachikape chonse mawa, ndi manja anga,
botolo likhala kwa a komandanti ngati umboni (pofika usiku munali kachasu),
a Sitoni amasulidwe.

Awamasula. Sanandithokoze, ndipo sindikuwadandaula. Usiku wonse anali omangidwa chifukwa ine ndinkasunga chipewa cha anthu. Apukusa mikono, atola chingwe chija, achikulunga bwinobwino, andipatsa.

Kunyumba amayi sakunena za chitsime. Za galu. "Mkaka wa mdzukulu wanga, galu! Ngakhale nyerere sitizilola kuulawa, bere limauma. Inu galu!" Andimangira kamtsitsi m'chiuno. Sindinakane. Munthu amene wamasula kuseri kwa nkhokwe alibenso sayansi yokanira mtsitsi.

Loweruka

Chitsime cha kasupe sichikapika. Ukachotsa ndowa, mwala ubweza ndowa. Izi ndikuzidziwa ine, akuzidziwa amayi onse amene abwera kudzaonerera, mwina ngakhale a Jelasi. Ndakapabe. Madzi m'mawondo, miyendo yafa kalekale.

Poyamba angokhala pathanthwe. "Aphunzitsi, kumanzere uko kukadali koyera!" Kenako a Esinati alowa ndi ndowa yawo. Kenako ena awiri. Wina wayambitsa nyimbo ya pamtondo, aikamo dzina langa ndi galu. Ikukoma, ndiye chonyansa chake.

Dzuwa lili pamutu, mmodzi wa amayi atatu aja watunga m'chikho, walawa, wayang'ana kumwamba. "Kwayera." Madzi omwewo. Mwala womwewo.

Sabata yonse sindinafikepo pakhomo masana, ngakhale dzulo bwalo linandisunga mpaka dzuwa kupendeka. Lero ndafika, ndipo ndadzera kuseri chifukwa chitenje chandimatirira.

Pakhonde la kuseri, padzuwa, Felista. Zuze akukwawa m'fumbi akudya chitsononkho. Pachifuwa pa Felista, Nelita wanga. Akuyamwa mwakhama, mmene sanandiyamwire ine chiyambire Lolemba, kadzanja katagwira mkanda wa Felista. Felista akumuimbira kanthu kopanda mutu.

Felista wandiona. Sanaseke. Koyamba.

Amayi atuluka ndi lichero, aliika pansi. "Lolemba ndinayesa, adotolo. Kakopo kanu anakalavula. Ndinayesa ndi chala, ndinayesa ndi kansalu. Analira mpaka milomo inada, mawu anatha. Ndikanatani? Phala munaletsa."

Ndafunsa za mabotolo opanda kanthu aja. Andilondolera kudzala, kuseri kwa khitchini. Timaenje tinayi m'phulusa, tokwiriridwa bwino, pamwamba pa kalikonse kaphale. "Nyerere sizinafikepo ngakhale imodzi. Ndinkayang'anira."

Makasu. Pempho la makope awiri. Kabichi. A Sitoni. Zonsezo zinkathera m'phulusa, mwaulemu, pansi pa phale.

Ndinali ndi mawu. Ndakhala nawo moyo wanga wonse, ndi chuma chokha chimene koluna sichedwetsa. Ndinakonza oti ndiuze Felista za segunda yake, za dzanja lake lotopa. Ndayang'ana ntchafu za mwana wanga, zayamba mapindi. Lolemba zinalibe.

Ndalowa m'nyumba, ndakhala pamphasa ndi chitenje chonyowacho. Mawere awawa mpaka madzulo. Sindinafinye. Ndimafuna china chake chindipweteke chimene ndikuchidziwa dzina.

Lamulungu

Ku igereja sindinapite. Mkulu uja akanalavula pa mgonero.

Botolo lotsala ndalitsuka, amayi aikamo mchere. Akuti chitsekero chake n'chabwino, chinyezi sichilowa. Ndinawauza kale.

Ndondomeko yatsopano, yosalemba pachikuto:

m'mamawa, ine.
masana, Felista.
madzulo ndi usiku, ine.
dezi ora, makasu, kuti bere lisaiwale. Zotuluka zipite kuphulusa. Ndidzinyamulira kaphale.

Felista wabwera masana, waima kumpanda ngati mlendo. Ndamuuza kuti alowe, asandichititse manyazi kawiri. Ndampatsa nyemba ndi theka la sopo amene ndinkasungira kubwera kwa Zakariya. Wakana katatu, walandira. Ndamuuza kuti azisamba m'manja asanamgwire. "Ndimasamba, achemwali. Ku segunda anatiphunzitsa." Ndameza.

Wapempha kuti akathirire kudimba, wandisiyira Zuze. Mwanayo walira, ndampatsa bere. Ngongole ya bere imabwezedwa ndi bere. Mnyamatayu ali ndi mano awiri ndipo amawadziwa ntchito.

Ndayamba kalata ya Zakariya. Ndalemba kuti ndi mtsikana, kuti ali ndi makutu ake, kuti akunenepa. Za galu sindinalembe. Adzazimva yekha, mudzi uno udzamlandira nazo pa dambo, ngati adzabwere. Koitumiza sindikudziwa. Ndaipinda, ndaiika m'buku la nsomba.

Felista atabwerako ndamufunsa chinthu. Chibadwire sindinamfunsepo funso limene yankho lake sindikulidziwa. Ndati, masana amatani? Ndikakhala kulibe, amatani?

"Amagona, amayamwa. Akakhuta amamwetulira."

Ndati ndi mpweya wa m'mimba, pa msinkhu uwu.

"Ayi achemwali, amakuyang'ana kaye. Anayamba Lachitatu. Mukafufumitsa masaya n'kuliza lilime chonchi, amamwetulira mpaka nkhama zonse."

Lachitatu. Ine ndili pathanthwe ndikusirira chingwe.

Atapita ndamtenga Nelita, ndapita naye kuseri kwa nkhokwe kumene sikudutsa anthu. Ndafufumitsa masaya. Ndaliza lilime. Ndabwereza, ndasintha kalizidwe, ndayesa ndi maso otong'ola, mpaka nsagwada zawawa ndipo nkhuku zasonkhana.

Wandiyang'ana nthawi yaitali. Wayasamula. Wagona.

Mawa ndinyamuka kusanache.